Mizere Yomwe Edwina Analuka

Lachiwiri, 30 Seputembala 2008

Lero ndabwerera ku ntchito. Ku laibulale onse akundilankhula motsitsa mawu, ngati kuti wodwala ndine. Ndinachita kuthokoza mumtima pamene wophunzira wina anandikalipira chifukwa makina okopera anamutafunira pepala. M'nyumba monse muja iye yekha ndiye sankadziwa kuti mkazi wanga anamwalira.

Pobwerera basi inaima pa Anlaby Road, pamalo pomwe Edwina anagwera m'mawa uja akupita kukasambitsa nkhalamba zomwe ankazisamalira. Ndinayang'ana mbali inayo. Kumeneko malole a Hull Fair, chisangalalo cha pachaka chija, ayamba kale kufika. Chaka chilichonse ankadandaula za phokoso lake, ndipo chaka chilichonse ankandikokera komweko kuti akadye maswiti omata m'mano.

M'nyumba muli zii. Mbale za amayi a kumpingo ndabweza zonse. Dirowa yake ya pamwamba sindinaitsegulebe. Zomwe zili mmenemo ndikuzidziwa: zipeso, ulusi wakuda, ndi botolo la mafuta a kumutu omwe ankasakaniza yekha. Fungo lake limatuluka ngakhale dirowayo ili chitsekere, ndiye masokosi anga ndawasamutsira pa mpando.

Tiya waimba. Amupatsa tchuthi cha sabata imodzi. Afika Lachisanu, adzabwerera ku kampu Lachisanu linalo, kenako ndege ya ku Afghanistan. Akakhala kumeneko mpaka Epulo. Mwana wathu wamkazi, mmodzi yekhayo, msilikali, womanga mabala a anzake. Pa foni ine Chichewa, iye Chingerezi, monga mwa nthawi zonse. Tinakambirana za hita, ngati ikutenthetsa bwino. Amake ndi amene ankadziwa mafunso omufunsa. Ine ndinkangomvera ndili kukhitchini.

Lachitatu, 1 Okutobala

Ndagula khadi la foni, ndaimbira alamu a Constance ku Linthipe, akulu ake a Edwina. Moni yekha anadya theka la khadi. Kenako anafika pa nkhani yawo.

Akuti kumudzi onse anameta kale, sabata yomweyo, ngakhale maliro tinaika kuno ku Hull ndipo iwo sanaone bokosi. Anafunsa ngati ife tinameta. Ndinati kuno zimenezo sizichitika kwenikweni, ndiponso kuzizira kwayandikira. Ndinkangomva nkhuku kumbuyo kwawo.

"Alamu, inu ndi nkhani ina, mudziwa nokha. Koma mwanayo ndi wathu. Asapite ku nkhondo atasenza maliro pamutu."

Ndinayesa kufotokoza zomwe ndinawerengapo, kuti miyambo yotereyi imatonthoza otsala, osati kuti ili ndi mphamvu payokha. Anaseka. Akuti mng'ono wawo anawauza kale kuti anakwatiwa ndi munthu woti ukamufunsa njira amayamba wakuuza amene anailambula. Kenako, osasekanso, anati tsitsi la pamaliro limalemera, ndipo munthu wolemedwa mutu sawerama msanga.

Sindikhulupirira zimenezo. Ndalemba dala kuti ndidzione nditalemba. Koma mawuwo akhala nane tsiku lonse.

Chomwe alamu sakudziwa ndi chakuti tsitsi lomwe lili pamutu pa Tiya analuka ndi amake, Lamulungu, mawa lake n'kugwa. Ndikuwaonabe. Tiya pa kapeti, msana uli pakati pa mawondo a amake, TV ikulankhula yokha. Edwina ankaluka mizere yopita kumbuyo, yogona kwambiri kuti chisoti chachitsulo chizikhala bwino, ndipo nsonga iliyonse ankaimanga ndi ulusi n'kudula ndi mano. Kalukidwe kameneko anachita kukapeza yekha mwanayu atangolowa usilikali. Tsiku lina ndinamupeza Edwina kukhitchini akukazinga anyezi atavala chisoticho, akuti akufuna amve pomwe chimafinya.

Tiya salankhula Chichewa, koma pa nthawi yoluka ankatulutsa mawu amodzi omwe anawasunga kuyambira ali kamwana: "Mukukoka." Amake n'kumuyankha kuti khala bwino iwe, msilikali wanji woopa chipeso.

Tsiku limenelo Edwina anati iyi ndi yongodikirira, yeniyeni adzamuluka akamanyamuka.

Lachinayi, 2 Okutobala

Ndatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati. Makina ometera a abambo anali momwemo, m'chitini chawo, okulungidwa m'kansalu. A pamanja, ochita kufinya. Anabwera nawo kuchokera ku Bama, ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ali msilikali wa Keyala. Anapita ali mlimi wa ku Thondwe wosadziwa china koma khasu. Anabwerako akudziwa kumeta, kusita, ndi kumwa tiyi pa nthawi yake. Moyo wawo wonse wotsala anadyera makinawa, pansi pa mtengo wa mango tsiku la msika, ndipo pamaliro alionse m'mudzi ankaitanidwa. Ndikukumbukira kuzizira kwa chitsulocho pakhosi, ndi dzanja lawo lalikulu likutembenuza mutu wanga ngati akusankha dzungu. Ankang'ung'udza nyimbo za pa perete. Za nkhondo yeniyeniyo sananenepo kanthu.

Ndinaganiza chonchi: ndikameta ine, ndiwauza alamu kuti nyumba ino yameta, mwanayo amusiya. Ndinathira makinawo timafuta n'kuima pa galasi la ku bafa.

Makinawo tsopano sadula, amazula. Nditafika pakati, mutu unali ngati munda womwe mwadutsa mbuzi. Ndinavala chipewa n'kupita kwa wometa wa pa Spring Bank, Mkurdi uja. Anandivula chipewacho, anazungulira mpando, n'kufunsa kuti wandichita zimenezi ndani kuti akamutsekere shopu. Ndinati ndine ndemwe. Nditamuuza chifukwa chake anasiya kuseka, anamaliza ndi lumo mpaka mpala. Akuti kwawo amuna akaferedwa amasiya ndevu kuti zikule, ife timachotsa, koma imfa yake ndi imodzi yomweyo. Iyeyo ndi nkhondo yomwe inamufikitsa ku Hull.

Mutu ukuzizira. Sindinkadziwa kuti mphepo ya ku mtsinje wa Humber imalowa mpaka m'kati.

Lachisanu, 3 Okutobala

Ndaononga zinthu.

Ndinapita kukamuchingamira Tiya ku siteshoni. Anatsika sitima ndi chikwama chachikulu cha asilikali, atavala zovala wamba, kumutu atamanga mpango wa amake. Ndinavula chipewa pomupatsa moni, chizolowezi cha abambo chomwe sichindichoka. Anangoima. Chikwama chija chinagwa pansi. Nkhope yake inachita ngati tsiku lija ku chipatala.

Anandigwira manja onse awiri n'kuyamba kundifunsa mothamanga, ndiyesa mmene amafunsira ovulala: mankhwala mwayamba liti, yagwira pati, dokotala wanu ndani, mwandibisiranji. Poyamba sindinamve mutu wake wa nkhaniyo. Kenako ndinazindikira. Kuno munthu wa msinkhu wanga akaonda n'kutulukira ndi mpala mwadzidzidzi, anthu amaona khansa. N'chifukwa chake m'mawa ku ntchito mayi wa pa desiki anandikumbatira osanena kanthu.

Ndinati ayi mwana wanga, ndi kumeta kwa maliro chabe, mwambo wa kwathu. Anakhala pa chikwamacho pakati pa anthu odutsa, nalira kulira komwe sanalire kumanda. Kenako anakwiya. Akuti kwa kanthawi kameneko anali atatsala yekha padziko. Akuti chinandiletsa n'chiyani kumuuza pa foni, m'malo mongonena za hita.

M'basi ndinamufotokozera za amake aakulu ndi zomwe ananena. Ndikanadikira kaye. Anagwira mpango uja ndi dzanja, ngati kuti ndikufuna kuuvula pomwepo.

"Palibe amene akhudze mutu wanga, adadi. Ngakhale inuyo."

Chakudya chamadzulo wadyera m'chipinda chake.

Loweruka, 4 Okutobala

Wathamanga m'mawa, wachapa, wakonza hita yomwe sinawonongeke. Mawu onse a lero: tiyi? eya.

Lamulungu, 5 Okutobala

Mapemphero a Amalawi masana, mu holo yathu ya nthawi zonse. Kumeneko mpala wanga sunaopseze munthu. A Harry, anzanga a mumpingo, anati ndikuoneka ngati ndangotuluka kumene ku ndende, ndipo anafunsa ngati anandibwezera lamba. Ndinaseka, koyamba. Mpando wa Edwina pakati pa oimba aika wina, sanalakwe, koma mawu ake a pansi aja palibe amene akuwafikira.

Atamupempherera Tiya za ulendo, Diana anamutengera pambali. Diana ndi Mzambia uja amaluka anthu kunyumba kwake, mnzake wa Edwina wa pamtima. Ndinaona Tiya akupukusa mutu mwaulemu. Pambuyo pake Diana anandipeza ndikupanga tiyi. Akuti anamuuza kuti abwera Lachinayi kudzamuluka monga mmene amake ankachitira, koma wakana. Akuti wasuzumira m'mphepete mwa mpango, mizere ija yakula, pansi pake tsitsi layamba kumangana. Ndi thukuta ndi fumbi la kumeneko, pansi pa chisoti, zidzakhala zilonda. Ndipo pali china chomwe Tiya anauza Diana koma ine sanandiuze. Sajeni wake wamuchenjeza kale kuti akabwerera ku kampu mutu uli choncho, akamudula komweko asanakwere ndege.

Ndiye mutu umodzi ukufunidwa ndi anthu atatu, alamu, sajeni ndi Diana. Mwini wake akuunyamula ngati dzira. Akapitiriza kukana, ntchito yotsiriza ya manja a Edwina idzagwera pansi m'chipinda cha ku kampu, idzasesedwa ndi munthu yemwe sanamvepo dzina lake.

Chakumadzulo ndikudutsa pa chitseko cha Tiya ndinamuona atakhala pa bedi, mpango uli pa mwendo, akupapasa nsonga za mizere ija imodziimodzi. Ndinadutsa mwakachetechete. Ndimuuza chiyani ine, munthu wosunga masokosi pa mpando?

Lolemba, 6 Okutobala

Ndabwera nalo kunyumba buku lalikulu la mbiri ya nkhondo ya ku Bama. Muli mapu, mayina a mitsinje, mayina a akuluakulu. Asilikali a kwathu akutchulidwa mwa apo ndi apo, ngati nyengo. Akazi amene anatsala ku Thondwe mulibemo.

Amayi anatsala ndi denga lodontha. Amuna amphamvu ambiri anali atapita, otsalawo ankafuna kuchondereredwa. Tsiku lina anangotenga makwerero n'kukwera okha kukafolera. Ankasimba kuti mudzi wonse unabwera kudzaonerera, ena akuseka, ena akuti mvula ikana chaka chimenecho. Mvula inabwera, denga silinadonthe. Chaka chotsatira anafolera nyumba za akazi anzawo. Kenako anatsitsa njinga ya abambo yomwe inali yopachika, anagwa nayo mpaka anaidziwa, namapita nayo ku Zomba kukagulitsa nandolo. Akulu a mpingo anang'ung'udza, kenako anayamba kuwatuma mchere.

Abambo atabwerako njinga ija sinabwerere kwa mwini wake. Iwo ankayenda pansi ndi chitini cha makina m'khwapa, amayi n'kuwapitirira akuliza belu. Ine ndinabadwa zonsezi zitakhazikika kale, ndipo ndinakula ndikuyesa kuti amayi a aliyense amakwera padenga. Nditapita ndi Edwina kukamuonetsa, anakondana tsiku lomwelo. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba akuseka, ndipo atandiona anasiya. Mpaka lero sindidziwa chomwe ankaseka.

Nthawi zina ndimaona ngati usilikali wa Tiya sunachokere kwa agogo ake aamuna, amene anachita kutengedwa. Unachokera padenga paja.

Iye lero wapita yekha kumanda. Wabwerako maondo ali ndi matope.

Lachiwiri, 7 Okutobala

A Daphne anatumiza uthenga kuti akufuna kuona msilikali asanapite. Ndi mayi wachizungu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu, yemwe Edwina ankamusamalira m'mawa uliwonse kwa zaka zambiri, ndipo Lachisanu lililonse ankamukonza tsitsi. Tinapita masana.

Tinawapeza ali pa mpando wawo, ndudu m'manja, tsitsi lili pepepe ngati thonje lonyowa. Atangoona mpala wanga anafunsa ngati nanenso andilemba usilikali, akuti ndiye kuti zinthu zafika poipa. Anamulamula Tiya kuti atenge marola okulungira tsitsi m'bokosi, akuti mtsikana amene akubwera masiku ano ndi wabwino mtima koma manja ake ndi a munthu wokanda buledi.

Tiya akuwakulunga tsitsi, iwo anayamba kusimba. Ndinali nditamvapo kwa Edwina koma osati chonchi. Analowa gulu la asilikali aakazi ali mtsikana, nthawi yomwe ndege zinkaphulitsa mzinda uno. Ntchito yawo inali younikira ndegezo ndi nyale zikuluzikulu. Asanalowe ankakolopa m'nyumba ya anthu olemera. Akuti usilikali ndi umene unawapatsa buluku loyamba ndi bedi loyamba logona okha. Nkhondo itatha anawauza kuti zikomo, bwererani kukhitchini, ndipo buluku sanalivalenso mpaka ana atakula. Anamufunsa Tiya ngati masiku ano akazi amawapatsa jombo zowakwana. Tiya anati ayi, zikadali za amuna. Onse awiri anaseka kuseka kwa anthu odziwana kalekale. Ine ndinali ngati mlendo wodikira basi.

Akuti lamulo linali loti tsitsi lisakhudze kolala. Ankamanga chingwe cha jombo kuzungulira mutu n'kukulungirapo tsitsilo, ndipo wekha sungathe, ndiye aliyense anali ndi mnzake womukulunga. Wawo anali mtsikana wa ku Leeds wa manja ofewa. Anafa ndi bomba ali pa tchuthi. M'mawa mwake perete inalipobe, ndiye anapereka mutu kwa mtsikana wina wa manja oipa kwabasi. Akuti anadana naye sabata yonse. Anakhala mabwenzi mpaka mnzawoyo anamwalira ali nkhalamba.

Kenako anazimitsa ndudu n'kunena kuti, "Vula chinsalucho, ndione ntchito ya Edwina."

Ndinayesa akana. Koma Tiya anagwada pafupi ndi mpando, navula. Zala zokhota zija zinayenda pa mzere uliwonse, pang'onopang'ono, mpaka kunsonga.

"Inali ntchito yabwino," anatero. "Koma yatha, mwanawe. Iyeyo akanakhala woyamba kukuuza."

Tiya anadzuka. Anamaliza marola, okhotakhota, a Daphne n'kunena kuti nayenso ndi wokanda buledi. Pobwerera tinayenda pansi osalankhulana, koma mpango unali m'thumba la jekete, mutu uli pamtunda. Ndili m'njira ndinakumbukira nkhani ina ya amayi yomwe ndinali ndisanaiganizepo kwa zaka.

Lachitatu, 8 Okutobala

Nditaweruka ndinamupeza kukhitchini atayala nyuzipepala, akupolisha jombo. Fungo la polishi linandibweza ku Thondwe nthawi yomweyo. Ndinati agogo ako ankalavulira pang'ono n'kumazunguliza kansalu ndi chala chimodzi. Anati mpaka pano ndi choncho, palibe chasintha. Anandipatsa jombo inayo. Tinakhala tikuzunguliza.

Chitini cha makina chinali pa windo pomwe ndinachisiya. Anachiloza ndi chibwano, nafunsa ngati ndi chimene ndinadzivulaza nacho. Ndinati eya. Ndipo ndinamuuza.

Nkhondo ili m'kati, munthu wina wa mudzi woyandikana nafe anabwerako atavulala, nanena kuti anaona abambo akugwa powoloka mtsinje. Abale analira maliro opanda mtembo. Tsiku lometa anabwera ndi lumo kwa amayi. Amayi anakana. Anati sindinaone manda. Anawanyengerera, anawaopseza, iwo anangomanga mpango n'kupita kumunda. Kuyambira pamenepo sanadule tsitsi, sanalolenso munthu kuligwira, poopa kuti wina angabwere ndi lumo m'manja. Linamangana pansi pa mpango ngati chisa cha mbalame. Anthu anayamba kunena kuti mutu wawo sukuyenda bwino.

Nkhondo itatha, tsiku lina masana, abambo anatulukira pa njira ya kusiteshoni, owonda, ndi chitini m'khwapa. Anagwadi pa mtsinje paja, koma anadzuka. Akuti asanadye n'komwe anaona mpango uja, anafunsa, anauzidwa. Anatulutsa mpando pabwalo. Mutu woyamba womwe makina awa anameta pa dziko la kwathu unali wa amayi.

Tiya anali atasiya kupolisha. Anafunsa ngati agogo analira. Ndinati iwo ankanena kuti anangomva mphepo.

Anayang'ana jombo. Kenako anati, "Koma ife manda tinawaona."

Ndinati, "Tinawaona."

Sindinaonjezere kanthu, ngakhale mawu anali atadzaza m'kamwa. Edwina akanandiyamikira.

Alamu aflasha kawiri. Sindinabweze. Ndilibe chowauza.

Lachinayi, 9 Okutobala

Mawa sitima ya m'mawa. Lero sindinapite ku ntchito.

Titamwa tiyi anakwera m'chipinda, nabwerako wopanda mpango, atanyamula pilo. Anaiponya pa kapeti patsogolo pa mpando wa amake. Anati khalani apo. Mpando umenewo ndinali ndisanakhalepo chimwalirire mwini wake. Ndinakhala. Iye anakhala pansi, msana pakati pa mawondo anga.

Anandiuza malamulo ake akuyang'ana kutsogolo, ngati akuwerenga za pa perete. Kumasula ndimasule ine, osati wina. Diana wamuimbira kale, abwera madzulo kudzaluka. Za amayi aakulu, ndidule pang'ono kumbuyo kwa khosi ndi sizasi, ndipo iye mwini awaimbira kuwauza kuti wameta. Ndinafunsa za makina.

"Amenewo musunge. Mudzandimeta ndikadzabwera." Kenako anaonjezera kuti, "Koma mukawanoletse, adadi. Ndaona zomwe anakuchitani."

Chipeso tinalibe, zonse zili m'dirowa muja. Ndinatenga sizasi ya kukhitchini ndi chotsekera cha bolopeni. Ine amene ndagwira mabuku akale ong'ambika moyo wanga wonse, manja ankanjenjemera ngati wakuba. Mfundo yoyamba inali yaing'ono, yolimba, ulusi wake wophwanyika kunsonga pomwe mano anadula. Ndinaigwira kanthawi. Tiya sanandifulumizitse.

Kumasula ndi kutsatira munthu m'mapazi chobwerera. Apa anakoka kwambiri, apa anapumula, apa ayenera kuti anayang'ana TV chifukwa mzere wakhota pang'ono. Pa khutu la kumanzere anasiya malo, pomwe lamba wa chisoti amadutsa. Zaka zonsezi ndinkaona akuluka ndili kuseri kwa buku, sindinkadziwa kuti mmenemu muli nzeru zochuluka chonchi. Tsitsi lothothoka linkagwera pa buluku langa. M'mizu munkatulukabe fungo la mafuta aja.

Ndili pakati pa mutu, chotsekera chija chinakodwa.

"Mukukoka."

M'Chichewa, ndi kamvekedwe komwe kaja. Ndinatsegula pakamwa, ndipo zinatuluka zokha: khala bwino iwe, msilikali wanji woopa chipeso. Mapewa ake anayamba kugwedezeka. Sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira, ndiyesa zonse ziwiri. Ndinapitiriza kumasula, osaona bwino.

Kuyambira pamenepo anayamba kulankhula. Za anzake a m'gulu lake, za mtsikana wa ku Fiji amene amagona naye chipinda chimodzi ndipo amadziwako kuluka, za zomwe akuopa. Si zomwe ndinkaganiza. Akuopa kuti manja adzamunjenjemera pa munthu woyamba. Ndinamuonetsa anga. Anati ndiye ndi za kumtundu.

Mzere wotsiriza anandigwira dzanja, namasula yekha. Kenako anaweramitsa mutu, ndinadula katsitsi kumbuyo kwa khosi, kochepa ngati kotsina ndi zala. Ndakakulunga m'pepala pamodzi ndi timaulusi tija.

Tsopano ali ku bafa, ndikumva madzi. Kunja akuyesa nyimbo za ku Fair, ikutsegulidwa mawa. Ndakhala pa mpando womwewu, tsitsi likadali pa buluku, ndikulemba izi ndisanaiwale za khutu la kumanzere, kuti ndimuuze Diana.

Madzi asiya. Akuitana. Akuti ndimubweretsere mafuta a amake ndi chipeso chachikulu, zili m'dirowa ya pamwamba.

Ndayankha kuti ndikubwera.